Kodi Mwanayu Munandibalira Ndinu?

Tsiku lina m'mawa, dzuwa litakwera ndithu, mai wina amene amagulitsa matimati ndi repu pafupi ndi kwathu ku Chawama anaona mnyamata wa aneba ake ataima pakhomo pa kasitolo kobecherako mpira. Mnyamatayo ali ndi zaka 13. Anali atabvala yunifomu, cola ca mabuku cili kumsana, pamene anzake anali m'kalasi. Madzulo ake maiyo anapita kukauza amake mwana zimene anaona. Yankho limene analandira linamveka mpaka kumpopi kumene tinali kutunga madzi: "Kodi mwanayu munandibalira ndinu? Samalani matimati anu, amai!"

Wogulitsa matimati uja anabwerera nkhope ili pansi, nalumbira kuti sadzachulanso mwana wa munthu ngakhale atamuona akulowa pamoto. Ife kumpopi tinagawikana pawiri. Ena anati anacita bwino kukanena, ena anati anadziputira yekha. Owerenga okondedwa, funso limeneli landikhala pamtima kuyambira tsiku lomwelo: kodi mwana ndi wa makolo ake okha, kapena ife tonse okhala naye pafupi tili naye ndi mangawa?

Tisafulumire kuweruza amake mwana, pakuti mlandu wao uli ndi mutu. Ndiwo amene amadzuka tambala asanalire kupita ku Soweto kukaoda katundu. Ndiwo amene amalipira lendi, nagula nsapato, nagona panja pa cipatala mwanayo akadwala. Tsiku limene munalibe unga m'nyumba mwao, palibe mneba amene anagogoda. Nanga bwanji lero, pamene mwana walakwa, aneba apeza miyendo yobwerera? Ndiponso tinene zoona, ambiri a ife tikamati tikupereka malangizo timakhala tikupereka manyazi. Nkhani imayamba yazungulira msika wonse isanafike kwa mwini wake. Kholo limene lamva za mwana wake kucokera kwa munthu wacisanu silingalandire mauwo ngati cikondi.

Komabe tiyeni tiwerenge maola. Mwana wa m'komboni amaona amai ake pang'ono m'mamawa, ndi pang'ono usiku atatopa. Maola ena onse ali pamseu, kusukulu, pamsika, pabwalo, kapena pafoni ya mnzake. Pa maola amenewo pali anthu amene akumlera, makolo afune asafune. Wogulitsa kacasu akumphunzitsa kanthu. Mnyamata wamkulu amene amakhala pakona tsiku lonse akumphunzitsa kanthu. Cikwangwani colonjeza kuti K5 ingabale K5,000 cikumphunzitsanso kanthu, ndipo sicitopa. Anthu abwino akatseka pakamwa poopa kutukwanidwa, aphunzitsi enawa satseka pao. Kotero palibe mwana amene amaleredwa ndi makolo ake okha. Mudzi umalera nthawi zonse, ndipo cotsala ndi kudziwa kuti ndi anthu ati a m'mudzimo amene agwira nchitoyo.

Boma linaletsa tujilijili mu 2012, ndipo linacita bwino, cifukwa timapaketi tija tinali kulowa m'matumba a yunifomu mosabvuta. Koma ludzu limene linali kutengera ana ku tujilijili silinaletsedwe ndi lamulo. Ndi ludzu la mwana amene alibe cocita masana onse, ndipo alibe wamkulu amene amamdziwa dzina.

Makolo athu kumudzi anali ndi njira zao. Mnyamata akasinkhuka anali kugona ku gowelo ndi anzake, ndipo madzulo anali kudyera pamphala pamodzi ndi amuna akuluakulu, kumene anamva milandu, nthano ndi kasemedwe ka mpini. Mtsikana anali ndi ambuya ake ndi anamkungwi. Pakati pa Acewa, amalume anali ndi mau pa ana a mlongo wao, kotero kuti mwana wa bambo waulesi kapena womwalira sanali wotayika. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sanali kunena mau okometsera cabe. Anali kufotokoza mmene zinthu zinali kuyendera. Ngakhale m'matauni a kumigodi munali zofanana nazo. Makampani a migodi anali ndi maholo a acinyamata, mabwalo ndi makalabu a masewera m'makomboni mwao. Kalusha Bwalya, amene anasankhidwa kukhala katswiri wa mpira wa mu Africa yense mu 1988, anakulira ku Mufulira pakati pa zinthu zotere. Migodi ya ZCCM itatha kugulitsidwa mu 2000, ambiri a maholo ndi mabwalo aja anasowa owasamala, ndipo ana a kumeneko anatsala ndi mseu.

Pano ndiyenera kucenjeza anzanga amene amakonda kuusa moyo nati kale zinthu zinali bwino. Mudzi wakale unalera, inde, koma unabisanso. Mtsikana akagwiriridwa ndi wacibale, nkhani inali kuthera m'nyumba ndi mbuzi imodzi, ndipo mwanayo anali kuuzidwa kuti asacititse banja manyazi. Wina anali kucotsedwa pasukulu ndi kukwatiwitsidwa atangotha msinkhu. Mkwapulo unali m'manja mwa wamkulu aliyense, wanzeru ndi wankhanza yemwe. Ndani angafune kubwerera kumeneko? Dziko lathu lakhala likukonza zimenezi pang'onopang'ono. Kuyambira 1997 mtsikana amene watenga pathupi ali pasukulu amaloledwa kubwerera akabereka. Lamulo la ana la mu 2022 linaletsa kulanga mwana pomumenya, ndipo mu 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kuti munthu wosakwana zaka 18 asakwatire kapena kukwatiwa, ngakhale pa ukwati wa mwambo. Mwana amene akuzunzidwa angaimbe pa 116 kwaulere. Malamulo amenewa anacepetsa mphamvu ya akulu pa ana, ndipo ine ndikuti anacita bwino. Koma lamulo lilibe maso pamseu wa ku Chawama nthawi ya 10 koloko m'mawa. Amene anaona mnyamata uja ndi mai wa matimati.

Tsono ngati kukhala cete ndi kulakwa, ndipo kulankhula kumabala ndeu, titani? Ine ndafika poganiza kuti ufulu wodzudzula mwana wa mnzako sumabwera cifukwa ca msinkhu, kapena cifukwa cakuti nyumba zanu zayandikana. Umagulidwa, ndipo mtengo wake ndi cisamaliro. Amalume akale anali kumvedwa podzudzula cifukwa ndiwo omwe anali kugulitsa nkhuku kuti mphwao apite kusukulu. Mwana amadziwa msanga kusiyana kwa munthu amene amamuona tsiku limene walakwa lokha ndi munthu amene anamuonanso tsiku limene anali ndi njala, kapena tsiku limene anakhoza mayeso. Makolo naonso amadziwa. Ife tataya mbali yoyamba ya mwambo uja, ya kudyetsa ndi kuphunzitsa, ndipo tikufuna kusunga yaciwiri yokha, ya kuloza cala.

Tili ndi citsanzo ca m'dziko mwathu momwe muno coonetsa kuti mbali yoyambayo ingabwezedwe. M'zaka za m'ma 1990 sukulu inali ya malipiro, nchito zinali kutha, ndipo matenda a AIDS anasiya ana amasiye pafupifupi m'banja lililonse. Anthu a m'makomboni ndi m'midzi sanadikire. Anayamba masukulu ao m'machalichi, m'nyumba zosatha kumangidwa ndi pansi pa mitengo. Mphunzitsi anali mnyamata kapena mtsikana wa pomwepo amene anafika Giredi 9 kapena 12, ndipo malipiro ake nthawi zina anali kathumba ka unga. Yunifomu sinali kufunika. Bungwe la Zambia Open Community Schools linayamba mu 1992 pa nchito yomweyi. Masukulu amenewa anali ndi zofooka zambiri, mabuku ocepa ndi aphunzitsi osaphunzitsidwa, koma ana zikwizikwi amene akanakulira pamseu anaphunzira kuwerenga m'menemo. Cimene ndimacita naco cidwi ndi poyambira pao. Akanayamba ndi kulemba zimene analibe, pepala likanadzaza ndipo akanabalalika. Iwo anafunsana kuti tili ndi ciani, napeza cipinda, bolodi ndi munthu mmodzi wodziwa masamu.

Lero zinthu zina zapepuka. Malipiro a sukulu za pulaimale anacotsedwa mu 2002, ndipo kuyambira 2022 maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere mpaka kusekondale. Ana anabwerera ambiri, makalasi anadzaza, ndipo ngakhale boma linalemba aphunzitsi opitirira 30,000 caka comweco, mphunzitsi amene ali ndi gulu lalikulu patsogolo pake sangazindikire msanga kuti mpando umodzi uli wopanda munthu. Caka comweconso ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo zina mwa izo ndi zothandiza acinyamata kuphunzira nchito zamanja. Koma fomu siidzilemba yokha. Pafunika wina womuuza mnyamata kuti zinthu zotere zilipo, ndi kupita naye kwa a komiti ya wadi.

Yang'anani mseu wanu. Pali kalipentala amene angalole anyamata awiri kumgwirira thabwa Loweruka. Pali telala, pali mphunzitsi wopuma nchito amene amangokhala pakhonde ndi wailesi, pali amai a cilimba amene amadziwa kusunga ndalama kuposa ena a m'maofesi. Kapena pali kabwalo kafumbi kamene ana amaseweramo mpira, kamene mawa lino mudzapeza kataikidwa mabikoni ngati palibe woimirira kukakana. Zimenezi ndi cuma, ngakhale sizilembedwa m'buku la munthu aliyense.

Ndipo inu acinyamata musaganize kuti nkhani ino ndi ya akulu okha. Iwe wa zaka 17, pali kamwana ka zaka 10 kamene kamayenda monga umayendera, ndipo kamachula mau amene umachula. Sunakasankhe, koma ndiwe gowelo lake. Ukakaitana kuti kakugulire fodya, wakaphunzitsa. Ukakafunsa kuti kaonetse buku lake la masamu, wakaphunzitsanso. Mau ako amalowa pamene mau a amake salowa, cifukwa iko kamafuna kukhala ngati iwe, osati ngati amake.

Mai wa matimati sanasunge lumbiro lake. Patapita milungu iwiri ndinamuona ataitana mnyamata uja pamene anali kudutsa. Za kubecha sanazichule. Anamuuza kuti maso ake ayamba kubvuta, ndipo afuna munthu womlembera m'kabuku ka ngongole Loweruka lililonse, malipiro ake ndi mulu wa matimati wopita nao kunyumba. Mnyamatayo anabvomera, ndipo ndamva kuti anapeza K40 imene maiyo anaiwala kulonjerera. Ngati analeka kupita ku kasitolo kaja, ndi iye yekha angatiuze. Amake sanayambebe kulankhula ndi mnansi wao, koma matimati akafika amawaphika.