Khutba ya Jumu'ah: Muzu wa Makhalidwe Abwino, Anthu a Buku ndi Anthu Okana Mulungu

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini zolengedwa zonse, amene anatumiza aneneri motsatizana kuti anthu asakhale mumdima. Tikumutamanda, tikumupempha chithandizo ndi chikhululuko. Ndikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndiponso kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa maswahaba ake ndi pa onse owatsatira kufikira tsiku la Kiyama.

Inu akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha ndiponso ndikukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri.

Abale anga olemekezeka, m'mafoni a achinyamata athu masiku ano mukuyenda timavidiyo ta anthu okana Mulungu, ambiri a iwo a ku Ulaya ndi ku America, akunyoza Baibulo ndi Chikhristu. Ena mwa ife amatumizirana timavidiyoti mokondwera, poganiza kuti atola mkondo wogonjetsera mnansi wawo Mkhristu pa mtsutso wa pamsika. Ndikufuna lero timvetsetse zimene anthu amenewa amanena, chifukwa nkhwangwa imene akudulira mtengo wa mnansi wanuyo ikudulanso mtengo umene inu mwakhala pamthunzi pake.

Mu 1927, mumzinda wa London, katswiri wina wa ku England dzina lake Bertrand Russell anakamba nkhani yofotokoza chifukwa chimene iye sanali Mkhristu. Mwa zina, anadzudzula Yesu chifukwa chophunzitsa za chilango cha kumoto, ndipo anati matchalitchi akhala akutchinga anthu kupita patsogolo pa makhalidwe. Mu 2006 Richard Dawkins anatulutsa buku lotchedwa The God Delusion, m'mene anajambula Mulungu wa mabuku a Ayuda monga wankhanza ndi wansanje, nanena kuti munthu safunikira chipembedzo kuti akhale wabwino. Tsono dzifunseni: moto umene Russell anaukana uja, kodi ife sitikhulupirira kuti ulipo? Nanga Musa, amene nkhani zake akuziseka, si mneneri wathu yemwe, amene dzina lake latchulidwa m'Qur'an kuposa la mneneri wina aliyense?

Palinso wina wakale kuposa awiriwa, Friedrich Nietzsche wa ku Germany. M'buku lake la mu 1887 lofufuza kumene makhalidwe anachokera, iye ananena kuti chifundo, kudzichepetsa ndi kulemekeza ofooka zinayambitsidwa ndi Ayuda pamene anali opanda mphamvu pansi pa maufumu ena, ndipo Chikhristu chinangozitenga n'kuzifalitsa dziko lonse. Anazitcha makhalidwe a akapolo ndipo sanakondwere nazo. Taonani m'mene asemphanira: wina akuti chipembedzo chilibe chifundo, wina akuti chipembedzo chinadzaza dziko ndi chifundo chofooketsa anthu. Ngakhale maganizo a Nietzsche ndi owawa, iye anaona chinthu chimene anzakewo amachizemba. Anaona kuti ukachotsa Mulungu, lamulo lakuti wamphamvu achitire chifundo wofooka silikhalanso ndi mzati woligwiriziza.

Koma kulakwitsa pa nkhaniyi sikuli kwa okana Mulungu okha ayi. Pakati pa anthu opembedza pafalikira mawu akuti chipembedzo cha Ayuda chinali cha malamulo ouma opanda chikondi, ndipo chikondi chinadza ndi Chikhristu. Maganizo amenewa ndi akale. Munthu wina wotchedwa Marcion ankaphunzitsa kuti Mulungu wa Musa ndi wina, Mulungu wa Yesu ndi winanso, ndipo ankafuna Akhristu ataye mabuku onse a Ayuda. Mpingo wa ku Roma unamuchotsa cha m'ma 144. Komabe mbewu yakeyo sinaferetu. Mu 1939, mumzinda wa Eisenach ku Germany, atsogoleri ena a mipingo anakhazikitsa bungwe lochotsa chilichonse cha Chiyuda m'moyo wa tchalitchi, mpaka kuphunzitsa kuti Yesu sanali Myuda. Zimene zinachitikira Ayuda m'zaka zotsatirazo mukuzidziwa: anaphedwa pafupifupi 6 miliyoni. Mu 1965 mpingo wa Katolika unalengeza poyera kuti ukudzudzula chidani ndi chizunzo chilichonse chochitira Ayuda, ndipo m'chikalata chomwecho unanena mawu olemekeza Asilamu.

Amene angatsegule mabuku a Akhristu eniakewo adzapeza kuti Yesu atafunsidwa za lamulo loposa onse, sanapeke latsopano. Anatenga lamulo lokonda Mulungu mmodzi yekha m'buku la Deuteronomo mutu 6, ndi lamulo lokonda mnansi m'buku la Levitiko mutu 19. Mutu 19 womwewo umalamula mlimi kusiya zokolola za m'mphepete mwa munda kuti osauka ndi alendo akunkhe, umaletsa kugona ndi malipiro a waganyu kufikira m'mawa, umalamula miyeso yolungama, ndipo umati mlendo naye akondedwe. Mphunzitsi wa Chiyuda wotchedwa Hillel, amene anakhalako Isa asanayambe kulalikira, atafunsidwa kuti afotokoze Taurat yonse mwachidule, anayankha kuti munthu asachitire mnzake chimene iye mwini amadana nacho, ndi kuti zotsalazo n'zongofotokozera lamulo limeneli. Msilamu akamva zimenezi amakumbukira msanga chiphunzitso cha Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) cholembedwa ndi Bukhari ndi Muslim, chonena kuti chikhulupiriro cha munthu sichikwanira kufikira atamufunira m'bale wake zimene amadzifunira yekha.

Ife sitidabwa nazo zimenezi. Mu Surat Al-Maidah, Allah akutiuza kuti mu Taurat munali chiongoko ndi kuwala, ndi kuti Isa mwana wa Mariam (alaihis salaam) anadza motsimikizira Taurat imene inalipo iye asanadze, napatsidwa Injil. Mu Surat Aal Imran tikumva kuti anawapeputsira ana a Israeli zina mwa zimene zinali zoletsedwa kwa iwo. Werengani Surat Al-An'am kuyambira ndime 151 mpaka 153, mupezamo kuletsa kumuphatikiza Allah ndi china, kulamula kuchitira zabwino makolo, kuletsa kupha ana poopa umphawi, kuletsa zauve, kuletsa kupha munthu, kusunga chuma cha ana amasiye, kukwaniritsa muyeso, ndi kunena chilungamo ngakhale chikhudze wachibale. Myuda kapena Mkhristu womvetsera ndime zimenezi sangazione ngati zachilendo.

Pamene timasiyana nawo tisabise. Ife timakhulupirira kuti Isa ndi kapolo wa Allah ndi Mtumiki Wake, si Mulungu ndipo si mwana wa Mulungu; sanapachikidwe; ndipo mabuku akale sanasungike monga anatsitsidwira. Myuda sanamulandire Isa, Mkhristu anamukweza kupyola muyeso wake, ndipo onse awiri sanamulandire Muhammad. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ndipo Allah adzaweruza. Koma gwero la lamulo lakuti usaphe, usabe, usanamize pa sikelo ndi limodzi.

Tsopano funso limene achinyamata amakumana nalo kusukulu ndi kuntchito ndi ili: kodi munthu wosakhulupirira Mulungu angakhale wa makhalidwe abwino? Musayankhe mwaphuma kuti ayi, chifukwa maso awo adzakutsutsani. Alipo madokotala osapemphera amene amasamala odwala usiku wonse, ndipo alipo oswali pamzere woyamba amene amadya ndalama za ana amasiye. Mbiri ya Mtumiki wathu ikutithandiza pano. Ali wachinyamata ku Makka, uneneri usanamufikire, wamalonda wina wa ku Yemen anagulitsa katundu kwa Al-As ibn Wail, amene anakana kulipira podziwa kuti mlendoyo analibe fuko lomuteteza. Mlendoyo atafuula poyera, mafuko ena a Akuraishi anasonkhana m'nyumba ya Abdullah ibn Jud'an napangana kuti adzaima ndi aliyense woponderezedwa kufikira atalandira chake. Pangano limeneli limatchedwa Hilful Fudhul. Anthu amene anapanganawo anali opembedza mafano, komabe Mtumiki analiyamikira panganoli ngakhale Chisilamu chitadza, nanena kuti akanaitanidwanso ku lotere akanavomera.

Chimenechi ndicho timachitcha fitra, chibadwa chimene Allah anaika mwa munthu aliyense. Wokana Mulungu akachita chilungamo akutunga m'chitsime chimene sanakumbe yekha, ngakhale akukana kuti Mwini chitsimecho alipo. Ma ulama athu anakambirana nkhani imeneyi kalekale. Otsatira Imam Al-Ash'ari anatsindika kuti chinthu chimakhala chokakamizika kwa munthu chifukwa Allah walamula, pamene otsatira Imam Al-Maturidi anati nzeru za munthu zimatha kuzindikira ubwino ndi kuipa kwa zinthu zina, ngakhale Wolamula ndi Allah yekha. Choncho funso limene ena amaliona ngati lachilendo, Asilamu analisinkhasinkha zaka zoposa 1,000 zapitazo.

Pamene timasiyana ndi wokana Mulungu ndi apa. Akanena kuti chifundo chinangomera mwa anthu chifukwa chinkathandiza mtundu kupulumuka, wafotokoza chifukwa chimene timamvera chifundo, koma sanafotokoze chifukwa chimene ndiyenera kuchimvera pa tsiku limene nkhanza indipindulira ndipo palibe wondiona. Mwa munthu munameranso dyera ndi nsanje. Ndani akuweruza kuti ichi chitsatidwe, icho chikanidwe? Wogula chimanga kwa gogo wosadziwa kuwerenga sikelo, wosunga chuma cha malemu mchimwene wake ana akali aang'ono, onsewa ali pamalo pamene wapolisi safika. Msilamu ali ndi yankho: alipo Woona, ndipo lilipo tsiku la chiwerengero.

Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah pa ine ndi pa inu. Mupempheni, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Abale anga, chidzudzulo chimodzi cha okana Mulungu sitingachithawe. Amati chipembedzo chakhetsa mwazi, ndipo amatchula nkhondo za Akhristu ndi kuzunzidwa kwa Ayuda. Ife tisaseke nawo, pakuti chala chomwecho chikuloza kwathu. Kuyambira mu 2017, ku Cabo Delgado anthu otchula dzina la Allah akhala akupha Asilamu ndi Akhristu omwe ndi kutentha midzi, ndipo mazana a zikwi za anthu athawa kwawo. Surat Al-Maidah ikutikumbutsa lamulo limene linalembedwa kwa ana a Israeli, loyerekeza kupha munthu mmodzi wosalakwa ndi kupha anthu onse, ndipo chiphunzitso chofanana nacho chikupezeka m'mabuku a aphunzitsi a Chiyuda. Opha anthuwo akuswa lamulo la Musa, la Isa ndi la Muhammad nthawi imodzi.

Komanso kuchotsa Mulungu sikunaletse mwazi. Maboma okana chipembedzo a Stalin ku Soviet Union ndi Pol Pot ku Cambodia anapha anthu mamiliyoni. Kuno kwathu, akuluakulu amene ali mumzikiti muno akukumbukira zaka zotsatira 1977, pamene chipembedzo chinkaonedwa ngati chotsalira cha umbuli, ndipo Msilamu ndi Mkhristu anapanikizika pamodzi. Akukumbukiranso kuti mtendere umene unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 unadza mothandizidwa ndi Akhristu a gulu la Sant'Egidio pamodzi ndi Arkibishopu wa ku Beira, Jaime Gonçalves. Tulo timene tinayamba kugona pambuyo pake, Asilamu tinagona nawo.

Amene akuganizabe kuti mdani wa Chikhristu ndi bwenzi lake adziwe izi: mu 2024 Dawkins yemwe uja ananena pa wailesi ya ku London kuti amadziona ngati Mkhristu pa chikhalidwe ngakhale sakhulupirira, ndipo anati pakati pa Chikhristu ndi Chisilamu angasankhe Chikhristu. Choncho timavidiyo tonyoza aneneri a ana a Israeli tifufuteni m'mafoni mwanu, ndipo musatitumize kwa wina. Surat Al-Ankabut ndime 46 ikutilamula kukambirana ndi anthu a Buku m'njira yabwino koposa. Mwana wanu akabwera ndi mafunso okayikira, musamukalipire kapena kumuthamangitsa pakhomo. Khalani naye pansi, ndipo funso likakukulirani mupite naye kwa shehe wodziwa.

E Allah, dalitsani Mtumiki wathu Muhammad ndi akubanja kwake monga munadalitsira Ibrahim ndi akubanja kwake. E Allah, limbikitsani mitima ya ana athu pa chikhulupiriro, ndipo ongolani amene asokera. E Allah, bwezerani mtendere ku Cabo Delgado, abwezereni kwawo othawa nkhondo, ndipo tetezani dziko lathu la Mozambique. Khululukirani makolo athu, amoyo ndi amene anatsogola. Ameen.

Imirirani tiswali.