KODI MKRISTU AONERE ZITHUNZI-THUNZI ZOOPSYA?

Pa msika wa Balaka, pa Ulongwe, pa Ntaja ndi pa Liwonde kufupi ndi mlatho wa Shire pali tinyumba ta kanema timene munthu atizindikira ndi khutu asanatione ndi maso, pakuti zimkuza-mau zake zikhala panja. Madzulo anyamata adzazamo, ndipo amene alibe ndalama yolowera aonera pa foni kwao. Mwa zithunzi-thunzi zimene akonda, zoopsya ziri patsogolo: za mfiti, za akufa otuluka m'manda, za opopa magazi. Nchifukwa chake makolo ambiri afunsa akatekisiti ku limana kuti, kodi Mkristu aloledwa kuonera zotere, kapena kutero ndiko kusewera ndi Satana?

Funsoli lifuna kulingalira, pakuti kungoti "ai" sikuletsa mwana, ndipo kungoti "inde" sikumteteza. Kuti liyankhidwe bwino, nkofunika kubwerera ku zithunzi-thunzi zoopsya zakale-kale, zopanda utoto, zimene ziri makolo a zatsopanozi, ndi kuona chimene zinali kuphunzitsa za mantha. Zina mwa izo zipezeka lero pa intaneti.

Chotchuka koposa ndi Nosferatu, chimene F. W. Murnau anakonza ku Germany m'chaka cha 1922. Nchopanda mau olankhula. Oonera awerenga mau olembedwa pakati pa zithunzi. Nkhani yake inatengedwa m'buku la Dracula, limene Bram Stoker analemba mu 1897, ndipo popeza eni filimu sanapemphe chilolezo, mkazi wamasiye wa Stoker anawasumira, bwalo nkulamula kuti filimuyo iwonongedwe. Makope ena anapulumuka. M'nkhaniyo muli Orlok, wakufa wopopa magazi, amene afika m'mzinda pa chombo pamodzi ndi makoswe ndi mliri. Anthu afa nyumba ndi nyumba. Potsiriza mkazi wina, Ellen, apereka moyo wake pomchedwetsa Orlok pambali pake kufikira tambala alira. Dzuwa lituluka, ndipo Orlok atha ngati utsi.

Ambiri adzadabwa kumva kuti Eklezia sanaitaye filimu imeneyi. Mu 1995, pokumbukira zaka 100 za kanema, bungwe la Papa loona za zofalitsa nkhani linasankha mafilimu 45 ofunika, ndipo Nosferatu inali m'gulu la osankhidwa chifukwa cha luso. Zimenezi zigwirizana ndi chiphunzitso chakale. Papa Pius XI mu 1936, m'kalata yake Vigilanti Cura, ndi Papa Pius XII mu 1957, m'kalata Miranda Prorsus, anachenjeza kuti kanema angathe kumanga mtima wa munthu, angathenso kuupasula. Msonkhano wa Vatican Wachiwiri, pa 4 December 1963, unavomereza kuti kuonetsa choipa m'nkhani kungathandize munthu kudzidziwa bwino ndi kukonda choona, malinga chionetsedwe mosunga mwambo. Tsono kuopsya pa kokha sikuipitsa filimu. Chofunika ndicho kumene manthawo amtsogolera woonera.

Makolo akale a dziko lino anadziwa zimenezi kanema asanabwere. Usiku, moto uli kuzirala, gogo ankayamba ndi "padangokhala", ana nkuvomera "tiri tonse", ndipo m'nthanomo munkatuluka afisi osanduka anthu ndi zirombo zomeza mudzi wathunthu. Ana ankanjenjemera, komabe ankadziwa kuti iyi ndi nthano, ali pakati pa abale ao, ndipo idzatha. Mantha amenewo anali ndi mpanda. Mkati mwa mpandawo mwana ankaphunzira kuti choipa chiripo, kuti kawiri-kawiri chibwera chitavala zokongola, ndi kuti chigonjetsedwa ndi wolimba mtima. Zithunzi zoopsya zakale zinali nthano za mtundu womwewo. Magazi sizinkaonetsa kweni-kweni. Zinkaopsya ndi mthunzi wokwera pa khoma, chitseko chotseguka chokha, ndi kukhala chete. Mu Dracula wa 1931, m'mene Bela Lugosi anasewera wopopa magazi, chirombocho chibwerera m'mbuyo chikaona mtanda, ndipo masana chiribe mphamvu.

Koma phunziro lalikulu la mafilimuwa liri pena, ndipo ndilo likhudza Balaka ndi Machinga. Woonera wosamala adzaona kuti choopsya cheni-cheni m'nkhanizi nthawi zambiri ndi munthu wamba. Mu Frankenstein, imene James Whale anakonza mu 1931 kuchokera m'buku la Mary Shelley la 1818, nkhani iyambira pa manda. Mnyamata wophunzira, wodzala ndi kunyada, afukula mtembo usiku, asonkhanitsa ziwalo za akufa, ndipo aumba munthu kuti afanane ndi Mlengi. Choumbidwacho, chimene Boris Karloff anasewera, nchoipa nkhope koma maganizo ake ndi a kamwana. Mwini wake achisiya, wantchito wake achizunza ndi muuni wa moto. Chikomana ndi kamtsikana kakuponya maluwa m'nyanja, ndipo maluwa atatha chiponyamo mwanayo poyesa kuti nayenso ayandama, mwanayo amira. Pomwepo mudzi wonse unyamuka ndi miuni ndi agalu, uchitsekereza m'nyumba ya chigayo cha mphepo, nuitentha. Amene anayamba zonsezi pofukula manda apulumuka, nabwerera kwao.

Munthu wa ku Machinga sangaonere chiyambi cha filimuyi ndi mtima wozizira. Kuyambira 2014 boma limeneli linali limodzi mwa maboma kumene anthu achialubino anaphedwa ndi manda ao kufukulidwa, chifukwa cha bodza lakuti mafupa ao alemeretsa. Tchimo lake ndi lomwe lija la Frankenstein: kuyesa thupi la munthu, lopangidwa m'chifaniziro cha Mulungu, ngati katundu wogwiritsa ntchito. Filimu ya 1931 inaonetsa poyera kuti wofukula manda ali ndi nkhope yosalala ndi zobvala zabwino, ndipo wooneka mosiyana ndi anzake ndiye azunzika.

Khamu la miuni nalonso sirachilendo m'dziko muno. Mu Nosferatu momwemo, mliri utakula, anthu a m'mzinda afuna wina womtula mlandu. Athamangitsa wamisala wothawa m'chipatala, amgenda ndi miyala, ndipo pomsowa akhadzula chidole choopsyeza mbalame m'munda poyesa kuti ndiye. Mliri suleka ndi zimenezo. Zofanana ndi izi zinachitika kum'mwera kwa Malawi kumapeto a 2002, ndiponso mu September ndi October 2017, pamene mbiri ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi Phalombe nifika ku Thyolo, Chiradzulu ndi Blantyre. Midzi inagona panja, misewu inatsekedwa usiku, alendo ndi anthu a zachipatala anamenyedwa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo anthu angapo anaphedwa, mmodzi mwa iwo mnyamata wodwala khunyu amene anatenthedwa ku Blantyre. Madokotala ndi apolisi sanapeze umboni wakuti wina anapopedwa magazi. Magazi amene anakhetsedwa anakhetsedwa ndi osaka anamapopa.

Mbiri yotereyi njakale, ndipo siinachokere ku kanema. M'zaka za m'ma 1930, ku Northern Rhodesia, dziko limene tsopano ndi Zambia, anthu ankanena za banyama ogwira anthu ndi kuwachotsa magazi, ndipo ngakhale ansembe a White Fathers ananenedwa kuti ali m'gulu limenelo, monga afotokoza katswiri wa mbiri Luise White m'buku lake la 2000. Akristu azikumbukira zimenezi: chala chimene lero chiloza mlendo pa siteshoni ya Balaka chinalozapo kale ofalitsa Uthenga Wabwino. Akulu anati, chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Apa mpamene pali kusiyana kwa mantha a m'nthano ndi mantha a m'mphekesera. A m'nthano adziwika kuti ngopeka, ndipo atha nyali ikayatsidwa. A m'mphekesera adzitcha choona, satha, ndipo afuna dzina la munthu wamoyo: nkhalamba yokhala yokha, wodwala mutu, mlendo wonyamula chikwama. Oyambawo angathe kukhala sukulu ya mtima. Achiwiriwo aswa lamulo lachisanu ndi chitatu poyamba, pochita umboni wonama, ndipo kawiri-kawiri atsiriza ndi kuswa lachisanu, pakupha.

Wina adzati, koma mafilimu oonetsedwa m'tinyumba ta kanema lero si Nosferatu ai. Ngodzala ndi magazi ndi zamanyazi, ndipo ambiri aphunzitsa kuti matenda ndi umphawi zichokera kwa apongozi kapena agogo okhwima. Mau amenewa ngoona, ndipo nchifukwa chake yankho siringakhale limodzi pa mafilimu onse. Filimu yokondwerera kuzunzika kwa munthu, kapena yopereka chipambano kwa choipa, kapena yotuma woonera kukayikira achibale ake, iri ngati chakudya chovunda, ndipo Mkristu aisiye. Ana aang'ono, amene sanathe kusiyanitsa chopeka ndi choona, asaonere zoopsya konse, ndipo munthu wamkulu amene adziwa kuti zimsowetsa tulo kapena zimchotsera chikhulupiriro azipewe popanda manyazi.

Koma wamkulu wokhazikika mtima angathe kuonera zoopsya zakalezo osachimwa, makamaka akaonera pamodzi ndi ena monga nthano zinkamvedwera. Katekisiti wanzeru, m'malo moletsa chabe, adzawafunsa achinyamata atatha kuonera: kodi choipa chinalowa ndi khomo liti? Anachigonjetsa ndani, ndipo anataya chiani? Nanga khamu la miuni lija linapulumutsa yani? Mu Nosferatu mzinda upulumuka chifukwa cha mmodzi wopereka moyo wake mwaufulu, ndipo aliyense amene anayendapo Njira ya Mtanda adzazindikira msanga chimene chithunzicho chikumbutsa.

Tsono chiyeso cha filimu yoopsya chiri m'mawa mwake. Ngati woonera adzuka wodzichepetsa, wozindikira kuti kunyada ndi umbombo ziri mumtima mwake momwe, ndi wachifundo kwa ooneka mosiyana ndi iye, nthanoyo yamthandiza. Ngati adzuka ali kuyang'ana mnansi wake ndi diso lokayika, aileke, akaulule kwa wansembe. Ndipo tsiku limene mphekesera idzafikanso pa mudzi usiku, anthu nkuyamba kutola miyala ndi kuyatsa miuni, Mkristu amene anaonera bwino adzadziwa kuti malo ake ali pambali pa wothamangitsidwayo, kufikira mfumu ndi apolisi afika.