Galu Akaluma Mwana, Mwini Wake Ndani?

M'midzi ya kwa Kabudula, monganso ku Nsaru ndi ku Nambuma, galu amakhala ndi mwini pa nthaŵi zina zokha. Akagwira kalulu ku uzimba, mudzi wonse umadziŵa kuti ndi wa uje. Akapirikitsa mbala pa chigafa cha fodya, mwini wake amamtama pabwalo. Koma tsiku limene galu yemweyo waluma mwana wa mnansi, timamva kuti ndi wongoyendayenda, amangobwera kudzatola makombo. Kodi munthu angathe kulandira phindu la chiŵeto chake, nakana mlandu wake?

Boma linayankha kale funsoli. Lamulo loona za matenda a ziŵeto la mu 1967 lipatsa akuluakulu a zaziŵeto mphamvu yolamula kuti kumene kwabuka chiŵeŵe agalu onse amangidwe, ndipo opezeka akuyendayenda m'masiku amenewo amaomberedwa. Kumudzi kuno tilibe munthu wolembedwa ntchito yoyang'anira agalu okha monga achitira maiko ena. Ntchitoyo imagwera mlangizi wa ziŵeto pamodzi ndi mafumu: kulengeza tsiku la katemera, kubaya agalu, kupereka chiphaso, ndi kulondola galu amene waluma munthu.

Ambiri a ife timakayikira chiphaso chilichonse chochokera ku boma, ndipo kukayikako kuli ndi pake. Mu 1922, m'dziko limene lero ndi Namibia, boma la South Africa linapha anthu oposa 100 a mtundu wa Bondelswarts, mpaka kuwaponyera mabomba ndi ndege. China mwa zimene anthuwo ankakana chinali msonkho wa agalu, umene unakwezedwa kuti alenje osauka asiye kusaka, akagwire ntchito m'mafamu a Azungu. Lamulo lotero linali goli. Choncho poweruza lamulo tiyenera kufunsa kuti likutchinjiriza yani.

Nanga la katemera wa agalu likutchinjiriza yani? Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse liŵerengera kuti chiŵeŵe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Mwana ndiye amaseŵera ndi galu, ndiye amabisa bala poopa kukalipiridwa. Zizindikiro zikangooneka, monga kuopa madzi ndi kuzunguzika mutu, palibe dokotala angamubweze. Komatu mankhwala oletsa imfa imeneyi ndi akale: Louis Pasteur anapulumutsa nawo mnyamata wolumidwa mu 1885. Akatswiri apezanso kuti pakabayidwa agalu 70 mwa 100 alionse, nthendayi imasoŵa podumphira. Ndiye kuti munthu amene wabisa galu wake tsiku la katemera, poti ati jekeseni imafoola galu wosaka, saika pangozi banja lake lokha. Wagumula mpanda wa mudzi wonse.

Tsono tilingalire za munthu amene amatumidwa ndi mfuti. Anthu amamuda, ana amamthaŵa, ena amamtchula wankhanza. Ine ndiona kuti iyeyu wasenza katundu amene wina anatula panjira. Galu woomberedwayo sanachimwe. Sadziŵa lamulo, sadziŵa tsiku la katemera. Wafera ulesi wa mbuye wake. Chilamulo cha Mose, pa Eksodo 21, chinasiyanitsa bwino zimenezi pa nkhani ya ng'ombe yogunda anthu: ngati mwini anachenjezedwa kale koma osaitsekera, mlandu wa imfayo umagwera iyenso, osati ng'ombe yokha. Kwathu kuno zimatembenuka. Chiŵeto chimafa, mwini n'kukatenga kagalu kena kwa mlamu wake.

Wogwira mfutiyonso ali ndi malire ake. Kupha ndi njira yotsiriza, yoyenera pamene anthu auzidwa bwino ndiponso katemera wafika pafupi nawo. Kuombera agalu a m'mudzi umene mlangizi sanafikeko ndi mankhwala ndi kulanga anthu chifukwa cha kulephera kwa ena. Ndiponso kupha kokha sikuthetsa chiŵeŵe, pakuti agalu atsopano osabayidwa amaloŵa m'malo mwa ophedwawo. Ku Blantyre, kumene bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu khomo ndi khomo mu 2015, anasankha singano, ndipo ana ofika ndi chiŵeŵe ku chipatala cha Queen Elizabeth anachepa.

Pamene galu waluma kale, mwini woona amaonekera pa zinthu zazing'ono. Amatsuka bala la mwanayo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, natulutsa chiphaso cha galu wake osadikira kufunsidwa. Galuyo amammanga masiku khumi kuti aone ngati adwala, ndipo tsiku lomwelo amapereka njinga kapena ndalama ya ulendo kuti mwanayo afike ku chipatala cha Kabudula kapena ku St Gabriel ku Namitete dzuŵa lisanaloŵe.