Kodi n'koyenera kudutsa chipululu wekha kukaona mnzako?

Amayi anzathu, pa msonkhano wathu wina posachedwapa, titatha kukambirana za odwala ndi za zopereka, mayi mmodzi anatiuza nkhani ya mwana wawo imene inatigawa pawiri. Taona kuti ndi bwino tiibweretse kuno kuti nanunso muiganizire m'magulu anu.

Mwana wawoyo ndi namwino, ndipo wakhala akugwira ntchito mumzinda wa Gaborone ku Botswana kwa zaka zingapo. Ali ndi mnzake wapamtima amene anakulira limodzi kuno kumudzi, kutunga madzi pachitsime chimodzi ndi kuphunzira sukulu imodzi. Mnzakeyo anakwatiwa n'kukakhala ku Windhoek, likulu la dziko la Namibia. Mwamuna wake anamwalira, ndipo patatha miyezi itatu chichitikire maliro, namwino uja anapempha tchuthi cha sabata imodzi, nasiya ana ake awiri ndi bambo awo, n'kuliza galimoto yekhayekha kudutsa chipululu cha Kalahari kukamuona.

Amayi ake atamva anamukalipira pa foni. "Kodi iwe, mutu ukuyenda bwino? Munthu wamkazi, wa ana, kulowa m'chipululu wekha chifukwa cha munthu amene si m'bale wako n'komwe?" Mwanayo anangoyankha kuti, "Amayi, mawu ake sanandisangalatse. Ndinafuna ndikamuone ndi maso." Ena mwa ife tinagwirizana ndi amayi ake. Ena tinati mwanayo anachita chinthu chimene ambiri aife tinasiya kalekale. Ndiye funso ndi ili: kodi mnzathu tili naye ngongole yotani, ndipo ngongoleyo ingatiyendetse mpaka pati?

Tisanaweruze, tiyeni tiuone kaye ulendowo. Kuchoka ku Gaborone kukafika ku Windhoek ndi makilomita pafupifupi 1,100, ngati kuchoka ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Koma kwathu kuno simungayende nthawi yaitali osaona munthu m'mbali mwa msewu, kaya wogulitsa tomato, kaya wokankha njinga ya makala, kaya ana ochokera kusukulu. Galimoto ikafa, anthu amabwera okha kudzafunsa chavuta. Kumeneko si choncho. Msewu wa Trans-Kalahari, umene unatsegulidwa mu 1998, ndi wa tala, ndipo umadutsa ku Kanye ndi ku Jwaneng kumene kuli mgodi waukulu wa dayamondi, n'kukafika ku Kang, makilomita ngati 400 kuchokera ku Gaborone. Ku Kang aliyense amadzaza petulo, chifukwa kutsogoloko malo omwetsera ndi otalikirana kwambiri. Kalahari si mchenga wokhawokha monga timaonera pa zithunzi. Kuli udzu ndi zitsamba zaminga, koma madzi ndi osowa, midzi ndi yapatalipatali, ndipo malo ena foni siigwira. Nyengo yotentha dzuwa limafika madigiri 40, pamene mu June ndi July usiku kumazizira mpaka madzi kuundana. Ng'ombe, abulu ndi nyama zakutchire zimalowa mumsewu, n'chifukwa chake oyendetsa galimoto amalangizidwa kuti asayende usiku. Munthu akaoloka malire pa Mamuno, amakhala atatsalabe ndi makilomita oposa 300, kudzera ku Gobabis, kuti akafike ku Windhoek. Namwino uja anayenda masiku awiri, atagona m'tauni ya Ghanzi. Mantha a amayi ake sanali opanda pake.

Amene anatsutsa ulendowu anapereka zifukwa zitatu, ndipo zonse ndi zomveka.

Choyamba ndi ndalama. Anati ndalama ya petulo kupita ndi kubwera, kuphatikiza ya malo ogona, ikanatha kutumizidwa kwa wamasiyeyo kuti imuthandize, kapena kubwera kuno kudzagula feteleza ndi kulipirira ana sukulu. Zimenezi ndi zoona, ndipo ife amene timadziwa mtengo wa thumba la feteleza sitingazipeputse. Komabe taganizirani mmene timachitira pakagwa maliro m'mudzi. Timatenga ufa, nkhuni kapena kandalama kachipepeso, koma sitimutuma mwana kuti akasiye pakhomo ife n'kukhala kunyumba. Timanyamula tokha, timakakhala pansi m'nyumba ya siwa, timagona komweko pamphasa. Namfedwa amaiwala kuti ufa unali wochuluka bwanji, koma saiwala amene anagona naye. Ndalama imayankha funso lakuti, "Ukusowa chiyani?" Siyankha lakuti, "Uli ndi yani?" Wamasiye wa ku Windhoek uja ntchito anali nayo, chakudya m'nyumba chinalimo. Chimene analibe ndi munthu woti amulirire m'chinenero chake.

Chachiwiri ndi foni. Anati masiku ano pali WhatsApp, munthu umamuona nkhope ukulankhula naye, ndiye kuvutikiranji? Foni ndi mdalitso ndithu, makamaka kwa ife amene timakumbukira nthawi imene kalata yochokera ku Joni inkatenga masabata. Koma foni imangoonetsa chimene mwini wake wafuna kuti tione. Munthu amapukuta misozi, namanga mpango bwinobwino, n'kunena kuti, "Tili bwino, musadandaule." Ana athu okhala kunja ndiwo akatswiri pa zimenezi, chifukwa amadziwa kuti ife kuno timati ali pabwino, ndipo amachita manyazi kudandaula. Namwino uja atafika anapeza makatani otseka masana onse, nsapato za malemu zikadali pakhomo pamene anazisiya, ndipo mnzakeyo atatha thupi chifukwa ankangomwa tiyi basi. Zonsezi pa foni sizinkaoneka. Atatsegula chitseko wamasiyeyo anangoti, "Iwe, wabweradi?" n'kuyamba kulira, kulira kumene anakhala akukubisa kwa miyezi itatu. M'masiku atatu amene anakhala kumeneko, mlendoyo sanalankhule zambiri. Anaphika nsima, anachapa, anatsegula mazenera, anamuluka mnzake tsitsi, ndipo tsiku lomaliza analongedza limodzi zovala za malemu. Makolo athu sananame pamene anati ubale n'kuyenderana.

Chachitatu, chimene ndi cholemera kuposa zonse, ndi ngozi. Mayi wa ana awiri moyo wake si wa iye yekha. Chikanachitika china panjira, akanalira ndi ana, ndipo palibe akanawatonthoza powauza kuti mayi anu anali ndi mtima wabwino. Apa sitiyenera kukometsa zinthu. Pali chikondi china chimene chimathamangira kutali kukathandiza, chikusiya akwawo pa dzuwa, ndipo chimenecho si chotamandika. Koma pali kusiyana pakati pa kulimba mtima ndi kusasamala. Namwinoyo sanangodzuka n'kunyamuka. Anakambirana ndi mwamuna wake nagwirizana kuti bamboyo atsale ndi ana, n'chifukwa chake anayenda yekha. Anapititsa galimoto kwa makaniko, anaona kuti tayala lapadera lili bwino, ananyamula madzi akumwa okwanira, anafunsa kwa anzake amene anayendapo njirayo za malo omwetsera petulo, ndipo anapangana ndi mwamuna wake kuti aziimba akafika pa tauni iliyonse. Dzuwa likamalowa iye anali ataima kale. Safunsa anadya phula, koma uyu anafunsa. Ngozi sanaichotse yonse, pakuti palibe ulendo wopanda ngozi, ngakhale wa minibasi yopita kumsika. Anangoichepetsa kufika pamene munthu wanzeru angavomere. Tikanati tizidikira kuti njira ikhale yopanda choopsa chilichonse, palibe wodwala amene akanazondedwa.

Pali chinthu china chimene mwanayo anawauza amayi ake pambuyo pake, chimene chinatikhudza tonse. Anati ponyamuka anali atakonza mawu ambiri otonthozera mnzake. Koma atapyola Kang, atayenda maola angapo osalankhula ndi munthu, wailesi itasiya kugwira, kumanja tchire kumanzere tchire, anayamba kumva mantha ndi kusungulumwa kumene sanakumvepo. Pamenepo m'pamene anazindikira kuti mnzake wakhala akudzuka ndi zimenezi tsiku ndi tsiku, m'nyumba yake yomwe, mumzinda wodzaza anthu. Mawu onse okonzeratu aja anawaona kuti ndi opepuka, ndipo anawasiya panjira. Tikuganiza kuti kutalika kwa ulendo sikunali chabe mtengo woti alipire kuti akafike. Kunamukonza kuti akafike ali munthu wotha kukhala chete pambali pa wolira. Akanakwera ndege, mwina akanafika ndi ulaliki.

Anavomeranso kuti sanapite chifukwa cha mnzakeyo yekha. Nayenso moyo wakunja unali utamutopetsa: ntchito, kunyumba, ntchito, popanda munthu amene anamudziwa ali mtsikana. Ena angati ndiye kuti ulendowo unali wodzikonda. Ife sitikuona choncho. Kali kokha n'kanyama, ndipo ubwenzi weniweni suli ngati thandizo loperekedwa ndi wolemera kwa wosauka. Onse awiri amasowana. Wamasiye uja anapezanso ulemu poona kuti ngakhale ali m'chisoni, akadali ndi kanthu kopatsa mnzake.

Nkhani yotereyi timaipezanso m'buku loyamba la Samueli, mutu 23. Davide akuthawa Sauli anabisala m'chipululu cha Zifi, ndipo Yonatani anapita komweko kukamulimbikitsa. Yonatani anali mwana wa mfumu, anali ndi anyamata oti akanawatuma, ndiponso ulendowo ukanamuika m'mavuto ndi bambo ake. Anapita mwini wake. Sanamuchotse Davide m'chipululumo, sanathetse mavuto ake, anangomulimbitsa mtima n'kubwerera kwawo. Malembo satiuza kuti awiriwa anadzaonananso. Akanati adikire nthawi yabwino, ulendo umenewo sukanachitika.

Tsono tinene chiyani? Sitikunena kuti aliyense amene ali ndi mnzake kutali anyamuke mawa. Alipo amene alibe ndalama, alipo osamalira odwala kunyumba, alipo amene thupi silingawalole, ndipo kwa iwo foni kapena kalata ndi mphatso yokwanira imene asachite nayo manyazi. Chimene tikunena n'chakuti pali nthawi zina pamene ngongole ya ubwenzi siingabwezedwe ndi ndalama, foni kapena mthenga, koma ndi mapazi. Nthawi zimenezi timazizindikira pamene mawu akuti "ndili bwino" asiya kumveka ngati oona, pamene tadziwa kuti mnzathu alibe wina pafupi, ndiponso pamene tingathe kupita osataya amene tikuwasamalira. Zitatuzi zikakumana, kukhala pansi si nzeru ayi, ndi mantha kapena ulesi umene taupatsa dzina labwino.

Ambiri aife sitidzaiona Kalahari. Koma titakambirana nkhaniyi, chipinda chinakhala zii pamene mayi wina wachikulire anafunsa kuti, "Nanga wamasiye amene tinamuikira mwamuna wake chaka chatha, ndani mwa ife wapondako chichokereni kumanda?" Tinayang'anana. Nyumba yake ili pamtunda woyenda wapansi, ndipo tonse timamupatsa moni pa msewu n'kumva kuti ali bwino. Pa maliro timachita bwino kwambiri, timaphika, timaimba usiku wonse. Koma chisoni chenicheni chimayamba anthu akabalalika, mapoto obwereka atabwezedwa. Ngati mwana wathu anayenda makilomita 1,100 m'dziko la eni, ife chimatikanika n'chiyani kudutsa mabwalo atatu?

Ndipo kwa ife amene tili ndi ana kunja, akatiuza kuti akupita kukaona mnzawo, tisayambe ndi kuwerengera ndalama imene ikanabwera kwathu. Kumene aliko kulibe azakhali, kulibe ankhoswe, kulibe mfumu. Anzawowo ndiwo mudzi wawo, ndipo tsiku limene mwana wathu adzagwe m'mavuto, amene adzafike pakhomo pake msanga si ife, ndi iwo. Tiwafunse ngati galimoto ili bwino, ngati anyamula madzi, ngati wina akudziwa kumene ali, kenako tiwalole apite.

Amayi a namwino uja anatiuza kuti mpaka lero akaganiza za msewu umenewo mtima umawagunda. Koma anati wamasiye uja anawaimbira foni kuwathokoza, n'kuwatchula kuti amayi, ndipo iwo anasowa chonena.

Zoti tikambirane m'magulu athu:

1. Kodi ndi liti pamene munthu wina anabwera yekha kudzationa tili m'mavuto, ndipo kubwera kwakeko kunasiyana bwanji ndi uthenga kapena ndalama?

2. Tingasiyanitse bwanji kusamala koyenera ndi mantha ongotipatsa chifukwa chokhalira pansi?

3. Ndani m'dera lathu amene amatiyankha kuti ali bwino koma sitinalowe m'nyumba mwake kwa miyezi itatu? Ndani mwa ife apiteko sabata ino?