Ndime ya kalaliki

Kwa Nkhulambe, m'tsinde mwa phiri la Mulanje chakum'mawa, mphala sizichulukanso monga kale. Koma pamene pali nkhalamba imene idakali ndi mawu, ndi anyamata amene adakali ndi makutu, chikuni chimayakabe madzulo, ndipo zimene sizinenedwa pabwalo zimanenedwa pamenepo. Mnyamata wina wa m'mudzimo, amene ali pa ukalaliki pa kampani ina ya ku Limbe, anabwera kudzamanga nawo chiliza cha malemu amayi ake aakulu. Ndipo agogo ake, amene pa unyamata wawo anathyola tiyi nakwera kufikira pa ukapitawo pa esiteti ina ya ku Mulanje, ataona kuti foni ya mnyamatayo yalira kangapo, mwini wake n'kumangoigoneka chafufumimba pamphasa, anadikira kufikira ana atapita kukagona, namufunsa.

"Mdzukulu wanga, kodi amene ukumubisalayo ndi wangongole, kapena ndi mpongozi?"

"Ndi abwana, agogo," anatero mnyamatayo. "Lero ndi Loweruka, ndipo m'kalata imene ndinasayina polowa ntchito mulibe Loweruka. Zaka zonsezi ndinali woyamba kufika ndi wotsiriza kutuluka, uthenga wa pa WhatsApp ukabwera pakati pa usiku ndinkadzuka kuuyankha. Koma kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, niigwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro anga akutha mwezi usanafike pakati, kampani ikudandaula kuti ndalama zakunja zogulira zipangizo sizikupezeka, ndipo atiuza kuti achepetsa antchito. Anachotsa kale awiri m'ofesi mwathu, ntchito yawo naisanjika pa tebulo langa, osawonjezerapo ngakhale tambala. Mmodzi wa awiriwo ndiye anali wakhama kuposa tonsefe. Pamenepo ndinati mumtima mwanga, kampani si ya bambo anga. Ndidzagwira ya malipiro anga, bola mwezi uthe. Sindine ndekha, agogo. Achinyamata a ku America anazilengeza pa TikTok mu 2022, ndipo a ku China anawatsogolera chaka chimodzi."

Nkhalambayo inasonkheza moto, niikhala nthawi osayankha, pakuti akulu a kwathu sathamangira mawu a mwana amene walankhula ndi mtima wowawa.

"Za ku America sindizidziwa," anatero potsiriza, "koma usayese kuti mwatulukira chatsopano. Makolo athu Alhomwe, pamene anaoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, nakhala m'minda ya azungu ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, anapeza thangata akuwadikira: munthu kulimira mwini malo miyezi yathunthu, chifukwa chokha chakuti wamanga nyumba pa dothi limene mzungu analitcha lake. Atate anga ankasimba kuti khasu la pa thangata linkakwera msanga ndi kutsika mochedwa, kuti munthu ankanola chikwanje chakuthwa kale kufikira dzuwa litakwera, ndi kuti malungo ankagwira mudzi wonse tsiku limene kapitawo wabwera ndi matikiti. Ine sindiwadzudzula. Analibe malipiro oyenera, analibe bwalo lodandaulirako, ndipo amene anakweza mawu, monga John Chilembwe mu 1915, tonse tidziwa chimene chinawaonekera. Munthu amene wamangidwa pakamwa amalankhula ndi manja. Chimene ndifuna kudziwa n'chakuti, kodi iwe wamangidwa pakamwa ndi yani?"

"Njala, agogo. Amene ayambe kulankhula ndiye ayambe kulembedwa pa mndandanda wa ochotsedwa ntchito."

"Tifikako. Za Loweruka ndakumva, ndipo ndikuvomereza. Ngakhale Farao anatchedwa wankhanza pamene anafuna njerwa zomwezo atawamana anthu udzu. Koma undiuze za Lolemba kufikira Lachisanu. M'maola amene unagulitsa, amene ndalama yake umalandira, kodi ntchito imatuluka m'manja mwako yoyera monga kale?"

Apa mnyamatayo anayang'ana pansi; ndipo popeza pa mphala munthu sanamiza gogo wake, anaulula kuti pa kompyuta pamakhala potsegula tsamba la maakaunti, koma maso ali pa foni pansi pa tebulo; kuti mafayilo a makasitomala amene kale ankawamaliza tsiku lomwelo tsopano amagona sabata m'kabati; ndi kuti akaona nambala yolakwika amangoidutsa, podziwa kuti mayi wina wa tebulo loyandikana nalo, amene ali ndi ana atatu a sukulu ndipo amaopa mndandanda uja kuposa imfa, adzatsala madzulo kuikonza.

"Tsono wasakaniza zinthu ziwiri zosiyana," anatero agogowo, "ndipo chimodzi n'chilungamo, chinzake n'chinyengo. Pa esiteti, nyengo yopalira, ndinkayeza ndime ndi nsungwi, munthu aliyense yake. Panali amuna amene ankafika mbandakucha, napalira ndime yawo bwinobwino, nakutumula udzu kuti mizu iwone dzuwa; dzuwa lisanafike paliwombo ankapukuta khasu, nandiitana kuti ndione, nanyamuka. Ndikawapempha kuti awonjezere mzere umodzi ankandiyang'ana m'maso nati, kapitawo, mzere umenewo ndi wa ndalama zingati? Anthu amenewo sindinawade. Ndinkawalemekeza, ndipo mzungu akafunsa amene angatsale nyengo ya chilimwe, pamene ntchito yachepa, mayina awo ndiwo ankayamba kubwera pakamwa panga. Koma panali ena amene ankakhala m'munda tsiku lonse, khasu lili m'manja, namangokokera dothi pamwamba pa udzu. Pamaso ndime yoyera, mvula ikagwa kawiri udzu wonse wadzuka, ndipo amene ankabwerezamo sanali mzungu ayi, anali mnzawo wa mzere woyandikana. Iwe ukuyesa kuti ukulanga abwana ako, chikhalirecho abwanawo akugona tulo, amene akusowa tulo ndi mayi wa ana atatu uja."

Ine ndiyesa kuti nkhalambayo inakhudza pamene pali chilonda cha ntchito za m'maofesi masiku ano, ngakhale sinalowepo m'ofesi: wa ganyu ali ndi ndime yoyezedwa, imene ikatha yatha, koma kalaliki ndime yake ilibe malire, pakuti foni imamutsata kunyumba, kutchalitchi ndi kumaliro, ndipo munthu amene sanauzidwe pamene ntchito yake ithera, akatopa, sadziwanso pamene ulesi uyambira.

Mnyamatayo sanagonje msanga. "Agogo, mukunena monga ngati khama limapulumutsa. Nanga a ADMARC? Bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1971, limene inu munkagulitsako nandolo ndi kugulako chimanga pa njala, boma linaliimitsa mu 2022, antchito zikwizikwi nachotsedwa pamodzi, wakhama ndi waulesi, woba ndi wokhulupirika. Kodi amene ankafika m'mamawa pa sikelo anapindulanji?"

"Wanena zoona, ndipo sindikutsutsa. Chakudza sichiimba ng'oma. Ndinaona ndi maso anga mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70, pamene Kamuzu analetsa ulendo wa ku migodi, amuna oposa 100,000 nabwerera kumudzi, ena a iwo a m'mudzi muno. Palibe amene anafunsidwa ngati anali wakhama pansi pa mgodi. Sindikukulonjeza kuti ukagwira bwino sudzachotsedwa. Amene angakulonjeze zimenezo ndi wabodza, ngakhale atavala tayi. Koma tandiuza, popeza ndiwe wophunzira: lamulo likuti chiyani za munthu amene wachotsedwa chifukwa kampani yachepetsa antchito?"

Pamenepo nkhope ya mnyamatayo inasanguluka, pakuti analowa m'munda umene amaudziwa. Anafotokoza kuti lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limati munthu asagwire maola opitirira 48 pa sabata popanda malipiro a ovataimu. Kuti ovataimu ya tsiku wamba imalipidwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse. Ndi kuti wochotsedwa chifukwa cha kuchepetsa antchito amalandira ndalama zolekera ntchito, malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, a masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi kufikira chakhumi, ndi a masabata anayi pa zaka zopitirira pamenepo. Anawerenga pa zala zaka zake 7, napeza masabata 16, ndiko kuti pafupifupi malipiro a miyezi inayi, kuwonjezera pa penshoni imene abwana amasonkhako 10 peresenti, iye 5.

"Nanga wochotsedwa chifukwa cha kulakwa kwake, atapatsidwa makalata a chenjezo, mlandu wake n'kumveka?"

Mnyamatayo anazengereza. "Ameneyo ndalama zolekera ntchito salandira, agogo."

"Ha! Ndiye kuti iwe, ndi mafayilo ako ogona m'kabati, ukuwakonzera abwana njira yotsika mtengo. Kampani imene ikulira kuti ilibe ndalama, ikakhala ndi anthu awiri oti achoke, wina womulipira miyezi inayi, wina wongomulembera makalata atatu, uyesa idzayamba ndi uti? Ukuti ukudziteteza, pamene ukusula wekha mpeni umene adzakuchekera. Ndipo ukachoka ndi mbiri yotero, Limbe ndi mudzi waung'ono. Mabwana amadyera pamodzi, ndipo mbiri imafika kumene kalata yako yofunsira ntchito isanafike. Usadalirenso kuti kumudzi kuli munda wokulandira monga unatilandira ife. Waona wekha chimene namondwe wa Freddy anatichita mu Malichi 2023, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri, nizikwirira minda, nyumba ndi chipatala chathu chomwe. Dimba la amayi ako lija lero ndi mchenga wofika m'chiuno."

Anakhala chete onse awiri kanthawi, pakuti m'mudzimo mulibe banja limene dzina la namondweyo silikhudza.

"Kumbukira Yakobo kwa Labani," inapitiriza nkhalambayo ndi mawu ofatsa. "Zaka makumi awiri anaweta zoweta za mpongozi wake, amene anamusinthira malipiro kakhumi, koma nkhosa sizinaonde m'manja mwake, ndipo chifukwa sizinaonde, tsiku limene anatsutsana naye anatha kuwerenga zonse pamaso pa abale, Labani nasowa pomugwira. M'menemo anali akukuza khola lakelake."

"Komatu Yakobo anachoka mozemba, agogo, osatsazika."

Agogowo anaseka kufikira kutsokomola. "Sande sukulu sinapite pachabe! Anazembadi, ndipo pa chimenecho usamutsanzire, pakuti iwe ukazemba masabata ako 16 atsala m'thumba la Labani. Koma khola lako kuza. Maola a madzulo amene walanditsa kwa abwana, kodi ukuwaika kuti? Ngati ukuphunzira maphunziro ena a zowerengera ndalama, kapena ukuyendetsa kageni kako, wachita bwino. Koma ngati wawalanditsa kuti ukawathere pa bawo ndi pa mowa, ndiye kuti wangosintha bwana."

"Ndinayamba maphunziro, ndinalekeza chifukwa cha fizi. Koma, agogo, simunandiyankhe za pakamwa paja. Kwathu kulibe bungwe la antchito, ndipo aliyense akuopa mnzake, poyesa kuti ndi kazitape wa abwana."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma sindinati upite wekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mu Meyi 1992, pamene kutchula dzina la Kamuzu mopanda ulemu kunali kudziitanira imfa, antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito poyera chifukwa cha malipiro, ena nawatsata. Magazi anakhetsedwa, ndipo sindikukutuma kumsewu, koma ufulu umene uli nawo lero wokhala ndi bungwe, ndi wokadandaula ku bwalo la milandu ya zantchito, unadzera m'masiku amenewo. Iwo anali ndi chifukwa choopera choposa chako. Inu simufunikira ngakhale kunyanyala. Mupite atatu kapena anayi, mwaulemu, zipewa m'manja, mukati: bwana, ntchito ya anthu awiri amene anachoka ili pa ife, mutiuze imene tiyambe ndi imene idikire, ndipo ya usiku ndi ya Loweruka mutilembere ovataimu. Mukapemphe kuti yankho likhale lolembedwa. Akakana, mwataya chiyani chimene simunataye kale?"

"Akhoza kutiika tonse anayi pa mndandanda."

"Akhoza. Pamenepo mudzatuluka ndi ndalama zanu zolekera ntchito, ndi kalata yoyera, ndi mlandu woti bwalo lingaumve. Ugule kabuku ka sukulu, uzilembamo tsiku ndi tsiku ola lolowera, ola lotulukira, ndi ntchito imene wamaliza. Ine matikiti a anthu anga ndinkawasunga m'chitini, ndipo kalaliki wa esiteti akafuna kudya tsiku la munthu, chitinicho ndicho chinkayankha. Tsono woyamba kulankhula naye akhale mayi uja."

"Ameneyo sangavomere, agogo, ndi wamantha, ndiponso masiku ano sandiyankha bwino moni."

"Ali ndi chifukwa. Lolemba ukatulutse mafayilo m'kabati, uwamalize wekha, iye aone kuti sabata yathunthu watuluka pa nthawi yake. Za kupita kwa abwana ukamuuze sabata yotsatira."