Chikhulupiriro Chimene Chinadzera mwa Agogo

Kuwerenga: 2 Timoteo 1:3-7 ndi Machitidwe 16:1-3



Paulo analemba kalata yachiwiri kwa Timoteo ali m'ndende, akudziwa kuti imfa yayandikira. Munthu akafika pamenepo sataya mawu pa zinthu zachabe. Tsono taonani zimene akuyamba kukumbukira: misozi ya Timoteo, kenaka amayi awiri, Loisi agogo ake a mnyamatayo, ndi Yunike amene anamubala. Paulo akumuuza Timoteo kuti chikhulupiriro chakecho sichinayambire pa iye, chinadzera mwa amayi awiriwa.

Buku la Machitidwe limatiuza kuti atate ake a Timoteo anali Mhelene, ndipo za chikhulupiriro chawo Luka sanenapo kanthu. Choncho ntchito yomudziwitsa mwana Malemba kuyambira ali wamng'ono inagwera amayi awiri aja. Dzina la Loisi limapezeka kamodzi kokha m'Baibulo lonse. Sitimva kuti anaimapo pamaso pa khamu kulalikira. Koma mpingo wa ku Efeso, umene Timoteo anautsogolera, unadya zimene gogo ameneyu anadzala.

Amayi athu amene tikuwakumbukira lero anali a mtundu wa Loisi. Ambiri mwa inu munawadziwa ali ndi choko m'manja, m'kalasi la ana oyamba kumene sukulu. Kuphunzitsa giredi 1 si ntchito imene anthu amaiombera m'manja. Mwana amabwera akulira, sadziwa kugwira pensulo, wina wachoka kunyumba osalawa kanthu. Iwo ankagwira kadzanja kaja n'kukayendetsa mpaka chilembo chitaoneka. Lero mukadutsa mumsika wa Kapata mupeza amayi akuwerengera chenji mosaphonya, mukafika kuchipatala mupeza namwino akuwerenga dzina la mankhwala, ndipo ena mwa iwowa a, e, i, o, u anamuphunzira pamaso pa malemuwa. M'mera mpoyamba, anatero akuluakulu. Ine ndimaona kuti dziko limalakwa polemekeza amene amavala mikanjo ya ku yunivesite n'kuiwala amene anawatsegula maso poyamba.

Dera lathu lino likuidziwa bwino ntchito ya amayi otere. Uthenga Wabwino utafika ku Magwero m'chaka cha 1899, kumene mpingo wa Reformed Church in Zambia unayambira, sipanapite nthawi yaitali, m'chaka cha 1905, mayi Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa anthu osaona. Iwo atamwalira, mayi Ella Botes anadzapitiriza ntchitoyo, ndipo mpaka lero ku Magwero kuli sukulu za ana osaona ndi osamva. Pamasiku amene anthu ambiri ankati mwana wosaona ngongokhala pakhomo, amayiwa anaona munthu woyenera kuwerenga yekha Mawu a Mulungu. Malemuwa anayenda m'njira yomweyo, ngakhale dzina lawo silidzalembedwa m'mabuku a mbiri.

Koma chikhulupiriro chawo chinayesedwa kwenikweni kunyumba. Inu achikulire mukukumbukira zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkatenga anyamata ndi atsikana amene tinkayembekezera kuti adzatiika m'manda. Maliro ankachita kutsatizana, ku Kapata kuno, ku Mchini, ku Navutika. Ana amasiye anathera m'manja mwa agogo. Amayi athuwa anaika ana awo m'manda, n'kubwerera kunyumba kukayambanso kulera. Pa msinkhu umene munthu amati tsopano ndipume, iwo ankadzuka m'bandakucha kutenthetsa madzi osamba a zidzukulu. Malipiro anali ochepa, penshoni inachedwa, ufa unkatha mwezi usanathe. Sindinena kuti sankalira. Ankalira, ndipo amayi a Chigwirizano cha mumpingo amene ankakhala nawo pamphasa angachitire umboni. Koma usiku uliwonse, ana asanagone, Buku Lopatulika linkatsegulidwa, ndipo mwana aliyense ankatchulidwa dzina m'pemphero, ngakhale uja amene anachoka pakhomo mokangana.

Tsopano ndilankhule ndi inu ana ndi zidzukulu, ndipo mundimvetse bwino. Mwachita bwino kuwamangira chiliza chokongola. Mwachokera kutali, ena ku Lusaka, ena ku Copperbelt, ena mwadutsa pa Mwami kuchokera ku Lilongwe, ndipo ulemu umenewu ngwoyenera. Koma Paulo atatchula Loisi ndi Yunike sanalekere pomwepo. Anatembenukira kwa Timoteo n'kumuuza kuti akoleze mphatso imene ili mwa iye, asachite mantha. Chikhulupiriro cha agogo sichigawidwa ngati katundu wamasiye, kuti wina atenge mbale wina bulangete. Simungakaonekere nacho kwa Mulungu m'malo mwa chanu. Ena mwa inu munaleka kupemphera tsiku limene munachoka pakhomo pawo, poti mumadziwa kuti kuli wina amene akukugwadirani. Amene ankagwadayo wapita. Ana anu ali ndi foni m'manja, koma ndani wakhala nawo pansi kuwauza za Yosefe, za Rute, za mtanda wa Yesu? Musadikire aphunzitsi a Sande sukulu okha, iwo amakhala ndi mwana kanthawi kochepa pa sabata.

Palinso ana amene amayiwa awasiya akadali pasukulu. Kuyambira 2022 maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere mpaka giredi 12, koma yunifolomu, makope, nsima ndi munthu wofunsa kuti lero waphunzira chiyani, zimenezi boma silipereka. Ndikupempha akubanja kuti musanakwere basi mawa mukhale pansi, akulu a mpingo akhale nanu, mugwirizane kuti mwana uyu akhala ndi yani, uyo ndi yani, ndipo zilembedwe.

Tiyeni tipemphere. Atate, tikukuthokozani chifukwa cha mdzakazi wanu amene munatibwereka. Tonthozani ana ake, sungani zidzukulu zake, ndipo mudzutse m'banja lino wina woti atsegule Buku usiku uno. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.