Kodi Nyumba Ndi ya Yani?

M'chaka cha 2024 Robert Zemeckis wa ku America adatulutsa kanema wotchedwa Here, ndiko kunena kuti "pano". Nkhani yake idachokera m'buku la zithunzi la Richard McGuire la m'chaka cha 2014. Chodabwitsa m'kanemayu nchakuti makina ojambulira sasuntha mpaka kumapeto kwenikweni: apenya malo amodzi okha, ndipo chimene chiyenda ndi nthawi. Tiona anthu a mtundu wa Lenape akukondana ndi kuika maliro ao m'nkhalango. Nkhalangoyo igwetsedwa, pamangidwa nyumba, ndipo pabalaza pake mabanja alowa ndi kutuluka. Wina afa ndi mliri wa chimfine wa 1918. Al Young agula nyumbayo atabwera ku nkhondo mu 1945. Banja la anthu akuda lofika pambuyo pake likumana ndi mliri wa COVID-19.

Onsewa adati "pano mpathu," ndipo palibe adanama. Nanga mwini wake weniweni ndani? Malamulo ati ndi amene ali ndi chikalata. Koma chikalata chingotiuza amene akhalamo lero. Sichitchula amene adalambula malowo, kapena amene adachotsedwapo mosafuna, monga a Lenape aja. Tikaunjika zaka mazanamazana pa balaza limodzi, tiona kuti mwininyumba aliyense ndi mlendo wokhalitsa chabe. Paja akulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Ena angati: ngati tonse tili alendo, tivutikiranji kumanga ndi kukonza? Apa kanemayu atichenjeza ndi moyo wa Richard, mwana wa Al, ndi mkazi wake Margaret, amene aseweredwa ndi Tom Hanks ndi Robin Wright. Margaret adalakalaka nyumba yaoyao, osati ya apongozi. Richard, poopa za ndalama, adasiya luso lake lojambula nayamba kugulitsa inshuwalansi, ndipo za nyumba yatsopano ankangoti tidikire. Zaka zidatha, nyumbayo osamangidwa, ndipo ukwati udazilala mpaka kupatukana. Moyo umene ankauyembekezera kutsogolo udali kuwapitirira pabalaza pomwepo. Atakalamba, Margaret atadwala matenda oiwala, Richard adabwera naye m'nyumba ija ili mbee, ndipo m'menemo ndimo adakumbukira zokoma za masiku aja.

Tsono kudziwa kuti tili alendo sikutipatsa ufulu wokhala manja lende. Kutipatsa ngongole zitatu. Kwa amene adatitsogolera tili ndi ngongole ya kukumbukira, makamaka iwo amene maina ao sadalembedwe paliponse. Kwa amene tikhala nao lero tili ndi ngongole ya nthawi, pakuti mau abwino amene tiwasungira mawa kawirikawiri afika mochedwa. Kwa amene adzalowa ife titatuluka, angakhale sitidzawadziwa, tili ndi ngongole ya kusamala: denga losadontha, mtengo wa mthunzi pakhomo, ndi malire opanda milandu.

Kangati abale adana, osaonana ngakhale pamaliro, chifukwa cha nyumba ya masiye? Alimbirana zipupa zimene tsiku lina zidzamva kuseka kwa ana a anthu ena. Tisanati "nyumba yanga," tiyeni tidzifunse ngati wobwera pambuyo pathu adzapeza chifukwa chotiyamikira, angakhale osadziwa dzina lathu.